Kondomu inang'ambika, pano pakhosi pakuwawa: kodi ndi zizindikiro zoyamba za HIV?

Wosagona_tulo:

Moni nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, ndipo palibe amene ndingamuuze maso ndi maso. Masiku 11 apitawo ndinagonana ndi mtsikana amene tadziwana miyezi iwiri yokha. Kondomu ndinavala, koma titamaliza ndinapeza kuti yang'ambika kunsonga, ndipo sindikudziwa kuti inang'ambika nthawi yanji. Za magazi ake sindikudziwa, sitinakambiranepo. Ndine mwamuna wa zaka 27, wosadulidwa.

Pa tsiku lachitatu pakhosi panayamba kundikanda, pano ndikameza malovu pamawawa. Usiku ndikumadzidzimuka malaya atanyowa ndi thukuta. Ndikagwira m'munsi mwa chibwano ndikumva kanthu kolimba ngati mwanabere. Ndinawerenga pa intaneti zizindikiro zoyamba za HIV ndipo chilichonse chomwe alemba ndikuchiona pa ine. Dzulo ndinadziyeza ndi kachipangizo kam'kamwa kaja, kanatuluka mzere umodzi.

Chonde ndithandizeni. Kodi zimene ndikumvazi ndi kachirombo? Mzere umodziwo ukutanthauza kuti ndili bwino? Nanga mankhwala oteteza aja ndingawayambe panopa?

Mlangizi_T:

Achimwene, mwachita bwino kulemba masiku ake, chifukwa pa nkhani iyi kalendala ndiyo imayankha mafunso ambiri kuposa mmene thupi likumvera.

Tiyambe ndi pakhosipo. Kachirombo ka HIV kakalowa m'thupi sikamafalikira tsiku lomwelo. Kamayamba kachulukana pamalo pomwe kalowera, kenako kamapita m'timinyewa ta anabere tapafupi, ndipo pamatenga masiku pafupifupi 10 kuti kapezeke m'magazi ngakhale ndi makina amphamvu kwambiri. Kudwala koyamba kuja kumabwera thupi likayamba kulimbana ndi tizirombo tochuluka m'magazi, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimachitika pakati pa masabata awiri ndi anayi. Choncho pakhosi pomwe panayamba kuwawa pa tsiku lachitatu sipakugwirizana ndi HIV ya tsiku limenelo. Chimfine, zilonda zapakhosi wamba, fumbi, ngakhale kugona kukamwa kuli yasa, zonsezi zimachita zomwezo.

Koma ndikuchenjezeni mbali inayo, chifukwa ambiri amangomva mbali yokoma. Pakhosi pakapola mawa musanene kuti nkhani yatha. Anthu ambiri amene atenga kachiromboka amadwala pang'ono chabe osazindikira, ena samva kalikonse. Amene amadwala, zimabwera pamodzi ngati malungo kapena chimfine chachikulu: kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, mutu, zilonda zapakhosi, anabere otupa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, zidzolo zofiirira zosayabwa kwenikweni pachifuwa ndi kumsana, nthawi zina tizilonda m'kamwa ndi kutsegula m'mimba. Zimakhala masiku angapo mpaka masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono, n'kutha zokha. Mwaona kuti mndandandawu ndi womwewo wa matenda ena khumi. Palibe dokotala amene angayang'ane pakhosi panu n'kunena kuti muli nako kapena mulibe. Chimene chimanena ndi magazi, oyezedwa pa nthawi yake.

Tsopano za mzere umodzi uja. Kachipangizo kam'kamwa sikafufuza kachirombo kenikeniko, kamafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amachedwa kuoneka. Pa tsiku la 10 anali asanapangidwe, ngakhale mutakhala kuti munatenga. Ndiye zotsatira za dzulo sizikunena kanthu za usiku umene kondomu inang'ambika. Komabe sizinapite pachabe: zikusonyeza kuti miyezi itatu yapitayo kubwerera m'mbuyo munalibe kachirombo, ndipo ndi poyambira pabwino.

Njira zoyezera zilipo zamitundu ingapo, ndipo iliyonse ili ndi nthawi yake imene imayamba kuona. Kuyeza kofufuza kachirombo kenikeniko m'magazi, komwe kumatchedwa NAT, kumaona pakati pa masiku 10 ndi 33. Kuyeza kwa ku labotale kotenga magazi a mumtsempha, kofufuza asilikali pamodzi ndi kachidutswa ka kachirombo kotchedwa p24, kumaona pakati pa masiku 18 ndi 45. Kuyeza kwachangu kobaya chala komwe kumafufuza asilikali okha, komanso kam'kamwa kamene munagwiritsa ntchito, kumaona pakati pa masiku 23 ndi 90. Nambala yachiwiriyo ndiyo yofunika kwa inu. Zotsatira zoti mulibe zimakhala zomaliza pokhapokha nambala yachiwiriyo itadutsa.

Chitani chonchi. Tengani kalendala, tsiku logonanalo mulitche 0. Werengani masabata 6, mulembe kuti mukayezetse kuchipatala, ndipo mukafunse kuti akugwiritsa ntchito njira iti. Ngati ndi ya ku labotale yofufuza p24 ndipo masiku 45 akwana, yankho limenelo ndi lodalirika. Ngati ndi yobaya chala, zotsatira zabwino pa masabata 6 zimalimbitsa mtima ndithu popeza anthu ambiri amakhala ataonekera pofika nthawi imeneyo, koma mubwererenso pa tsiku la 90 kuti mutseke nkhani. Kudziyeza tsiku ndi tsiku pakati apa sikufulumizitsa kanthu, kumangowonjezera nkhawa.

Funso lanu lomaliza: mankhwala oteteza munthu amene wakumana kale ndi chiopsezo, otchedwa PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Pa tsiku la 11 nthawi yake inadutsa, ndipo kuchipatala sangakupatseni chifukwa sangathandizenso.

Nachisale_wa_labu:

Ndiwonjezerepo za kukula kwa chiopsezo, chifukwa munthu akakhala ndi mantha amaganiza kuti kondomu ikang'ambika ndiye kuti basi watenga. Si mmene kachiromboka kamayendera.

Bungwe loona za matenda la ku America la CDC linasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupereka ziwerengero za kugonana kamodzi popanda kondomu ndi munthu amene alidi ndi HIV ndipo sakumwa mankhwala. Mwamuna wogonana ndi mkazi m'njira yachibadwa: pafupifupi 4 pa maulendo 10,000 alionse, kutanthauza 1 pa 2,500. Mkazi wogonana ndi mwamuna: pafupifupi 8 pa 10,000. Wolowetsa kumatako: 11 pa 10,000. Wolowetsedwa kumatako: 138 pa 10,000, ndipo apa ndi pamene chiopsezo chili chachikulu koposa chifukwa khungu lam'kati mwake ndi lopyapyala, limang'ambika msanga. Kugonana m'kamwa chiopsezo chake ndi chochepa kwambiri. Kupsompsonana, malovu, thukuta, kugwirana ndi manja, zimenezi sizipatsira.

Ziwerengerozi ndi zapakatikati, musazitenge ngati lonjezo. Pali zinthu zomwe zimazikweza, nthawi zina kangapo konse. Choyamba ndi kuchuluka kwa tizirombo m'magazi a mnzanuyo. Munthu amene wangotenga kumene, m'masabata oyambirira, amakhala ndi tizirombo tochuluka zedi, nthawi zina mamiliyoni pa mililita imodzi ya magazi, pamene iye sakudziwa ndipo kuyeza kobaya chala kukhoza kumuonetsa kuti alibe. Chachiwiri ndi zilonda kapena matenda ena opatsirana pogonana mwa aliyense wa inu awiri: chindoko, mabomu, herpes, chinzonono. Chilonda ndi khomo lotseguka, ndipo kutupa kumaitanira pamalopo maselo omwewo amene HIV imakonda kulowamo. Chachitatu ndi magazi, kaya a msambo kaya a kukhulana pouma.

Chachinayi mwachitchula nokha, kusadulidwa. Mbali yam'kati ya khungu lakunsonga ndi yofewa, yonyowa, ili ndi maselo ambiri amene kachirombo kamagwirako, ndipo madzi a mkazi amatsalira pansi pake kwa nthawi. Kafukufuku atatu akuluakulu, wa ku Orange Farm ku South Africa, wa ku Kisumu ku Kenya ndi wa ku Rakai ku Uganda, amene zotsatira zake zinatuluka pakati pa 2005 ndi 2007, anapeza kuti mdulidwe umachepetsa chiopsezo cha mwamuna kutenga HIV kwa mkazi ndi pafupifupi 60 pa 100. Pa zomwe zachitika kale sungasinthe kanthu, koma ndi nkhani yoiganizira mtsogolo.

Palinso chimene chimatsitsa chiopsezo mpaka pansi. Ngati mtsikanayo ali ndi HIV koma akumwa ma ARV mwandondomeko, ndipo tizirombo take tatsika kufika pansi pa 200 pa mililita imodzi ya magazi, sangakupatsireni pogonana. Kafukufuku wa PARTNER anatsatira maanja amene mmodzi ali nako wina alibe, anagonana popanda kondomu maulendo masauzande ambiri, ndipo sipanapezeke ngakhale mmodzi wotenga kuchokera kwa mnzake amene tizirombo take tinali totsika chotero. Ndimakonda kuikumbutsa mfundo imeneyi chifukwa anthu amaopa munthu amene waulula kuti ali pa mankhwala, pamene woopsa kwenikweni ndi amene sanayezetsepo.

Ndiye kuti inu mutenge, pafunika kuti mtsikanayo akhale nako, akhale kuti sali pa mankhwala kapena sakumwa bwino, komanso kuti ulendo umodziwo ukhale umene unapatsira. N'zotheka, n'chifukwa chake tikuti mukayezetse. Koma mwayi woti muli bwino ndi waukulu kwambiri.

Njira yachidule yochepetsera kudikira ndi kulankhula naye kuti mukayezetse limodzi. Mnzanuyo si chithunzi cha pa intaneti, ndi munthu amene mungamuimbire foni.

Wosagona_tulo:

Zikomo kwambiri a Mlangizi ndi a Nachisale, mtima wakhalako pansi. Koma mwanabereyu akundivutitsabe, lero akuwawa kuposa dzulo. Ndayeza thupi katatu, likumakhala 37.2, nthawi ina 37.4. Mnzanga wina akuti ali ndi ma ARV a m'bale wake, akuti ndimwe kwa mwezi umodzi basi kuti ndidziteteze, ndiwonjezere ndi Bactrim. Kodi pali vuto? Komanso pa kachipangizo kaja, nditakasunga mpaka m'mawa, ndaona ngati kamzere kachiwiri kosaoneka bwino. Apa ndiye ndafooka nkhongono.

Mlangizi_T:

Ma ARV a munthu wina musamwe, achimwene, ngakhale piritsi limodzi. Zifukwa zake ndi zitatu. Pa tsiku la 12 sangatseke kachirombo ngati kanalowa, chifukwa pofika pano kamakhala katabisala kale m'maselo momwe mankhwala sangakachotse. Chachiwiri, amasokoneza kuyeza: amatsitsa tizirombo n'kuchedwetsa asilikali kuoneka, ndiye mukhoza kuyezetsa pa masabata 6 n'kupatsidwa yankho labodza loti mulibe. Chachitatu, kumwa n'kusiya mwachisawawa kumapatsa kachirombo mpata wozolowera mankhwala, ndipo mankhwala amene akanakuthandizani moyo wonse amafooka. Osaiwalanso m'bale wa mnzanuyo, amene botolo lake likhala lopereŵera. Bactrim naye sapha HIV, ndipo mwa anthu ena amatulutsa zidzolo, zomwe mudzaziona n'kuyamba kuganiza kuti ndi zidzolo za kachirombo.

Za kamzere kaja, katayeni kachipangizoko. Kachipangizo kam'kamwa ka OraQuick kamawerengedwa pakatha mphindi 20, ndipo pasapitirire mphindi 40. Kakauma kamatha kuonetsa kachithunzithunzi pamalo olembedwa T komwe sikatanthauza kanthu. Yankho lanu ndi lomwe munaliona pa nthawi yoyenera. Podzadziyezanso mudzatsate izi: musadye kapena kumwa kalikonse kwa mphindi 15, musatsuke m'kamwa ndi mankhwala otsukira mano kwa mphindi 30, mupukute nkhama zam'mwamba kamodzi ndi zam'munsi kamodzi, muviike m'kabotolo kake, mutchere nthawi pa foni, muwerenge pamalo owala. Mzere pa C pokha ndiye kuti asilikali sanapezeke. Mizere iwiri, pa C ndi pa T, ngakhale wa pa T utakhala wofooka, ngati waoneka m'nthawi yake, ndiye kuti mupite kuchipatala akatsimikize. Kudziyeza kunyumba sikugamula kuti munthu ali ndi HIV, kuchipatala amabwereza ndi zipangizo zina zosiyana asananene. Pakapanda mzere pa C, kachipangizoko sikanagwire ntchito, tengani kena.

Mwanabereyo musiyeni. Munthu aliyense ali ndi anabere m'khosi, ndipo mwa anthu ochepa thupi amamveka ngakhale ali bwinobwino, ang'onoang'ono ngati nyemba, oyendayenda pansi pa chala. Pakhosi pakakhala chilonda amatupa, ndiyo ntchito yake. Mukamamufinya kakhumi pa tsiku amatupirapo n'kumawawa chifukwa cha chala chanucho. Mugwireni kamodzi pa sabata. Akakula kupitirira masentimita awiri, akalimba gwa osasuntha, kapena akakhalitsa masabata atatu kapena anayi osaphwa, pamenepo kamuonetseni.

Ndipo 37.2 kapena 37.4 si kutentha thupi. Thupi limakwera pang'ono madzulo mwa aliyense. Timayamba kunena kuti latentha likafika 38. Thukuta la usiku, mtima kuthamanga, kuuma kukamwa, kumva ngati pakhosi pali chotsamwa, kusafuna kudya, m'mimba kubwadamuka, zonsezi nkhawa imazipanga, ndipo zimakhala zenizeni, si zongoganiza. Munthu amene wakhala masiku 11 osagona bwino thupi lake liyenera kuphwanya.

Izi sizikutanthauza kuti musapite kuchipatala. Thupi likafika 38 kapena kuposa, pitani tsiku lomwelo, akayeze malungo ndi matenda ena amene amapha msanga munthu akamazengereza poganiza kuti ndi HIV. Ndipo ngati m'sabata yachiwiri mpaka yachinayi mutadwaladi, thupi kutentha pamodzi ndi zidzolo ndi anabere m'malo angapo, mukauze dokotala mosabisa kuti kondomu inang'ambika pa tsiku lakuti. Akadziwa zimenezo angathe kupempha kuyeza kofufuza kachirombo kenikeniko m'malo modalira kobaya chala komwe pa nthawi imeneyo kukhoza kusaona.

Chinthu china chomwe simunafunse koma ndi chachikulu. Mpaka mudzapeze yankho lomaliza, muzivala kondomu ndi aliyense, ndipo musapereke magazi. Ngati muli ndi mkazi kapena bwenzi lina, makamaka woyembekezera kapena woyamwitsa, apa m'pofunika kusamala koposa, chifukwa mayi akatenga kachirombo ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, tizirombo timachuluka mwadzidzidzi ndipo mwana amatenga mosavuta.

Chemwali_22:

Pepani kulowerera nkhani ya eni ake. Ine zandichitikira usiku wathawu, cha m'ma 11 koloko, popanda kondomu, ndipo mwamunayo akukana zoyezetsa. Sindikumva chilichonse m'thupi. Ndidikire kaye ndione ngati zizindikiro zibwere? Sindili pa njira iliyonse yolera.

Nachisale_wa_labu:

Achemwali, ayi, musadikire. Nyamukani lero lomwe, panopa, mupite kuchipatala chomwe chili pafupi, ngati ndi usiku kapena tsiku lopuma pitani ku mbali yolandirira odwala mwadzidzidzi. Mukanene mawu awa: ndagonana mosadziteteza usiku wathawu, ndikufuna PEP. Inu nthawi ikadali kumbali yanu. Malire ndi maola 72, koma mphamvu yake imachepa ola lililonse likamadutsa, ndipo chabwino koposa ndi kuyamba pasanathe maola 24. Zizindikiro zikamadzabwera, ngati zingabwere n'komwe, nthawi ya PEP idzakhala itapita kalekale.

Akakuyezani HIV kaye. Cholinga chake si kuona za usiku wathawu, koma kutsimikiza kuti munalibe kale, chifukwa amene ali nako amafunika mankhwala a moyo wonse osati a mwezi umodzi. Kenako akakupatsani mankhwala a masiku 28. Amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa ndi piritsi limodzi pa tsiku lokhala ndi mankhwala atatu, tenofovir 300 mg, lamivudine 300 mg ndi dolutegravir 50 mg, lomwe ambiri amalitcha TLD. Loyamba mumwe pomwepo musanatuluke pachipata.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pomaliza. Masiku 28 akwane, osati 10 kapena 20 chifukwa choti mukumva bwino. Sankhani ola limodzi mutchere alamu. Mukaiwala, imwani mukangokumbukira, koma ngati nthawi ya piritsi lotsatira yatsala pang'ono, ingomwani limodzi, osaphatikiza awiri. Mukasanza pasanathe mphindi 30 kapena mukaliona piritsi m'masanzi, imwani lina. Masiku oyambirira ena amamva nseru, mutu, kutopa kapena kusowa tulo. Nseru imachepa mukamwa mutadya, ndipo ngati tulo tikuvuta sinthirani m'mawa. Zimenezi zimatha pakapita masiku angapo, si chifukwa chosiyira. Koma zidzolo thupi lonse, maso achikasu kapena kusanza kosalekeza, bwererani kuchipatala msanga.

Samalani ndi mankhwala a chilungulira aja okhala ndi magnesium kapena aluminium, komanso mapiritsi a ayironi ndi a calcium. Amagwira dolutegravir m'mimba kuti asalowe m'magazi. Imwani PEP maola awiri musanamwe amenewo, kapena patapita maola 6 mutawamwa. Mukawauzenso ngati mukumwa mankhwala a TB, a khunyu kapena metformin wa shuga, ngati muli ndi vuto la impso, kapena ngati munapezekapo ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, chifukwa mwa munthu wotero chiwindi chimatha kutupa posiya mankhwalawa ndipo amafunika kumuyang'anira.

Za mimba, pemphani mapiritsi a pangozi pa ulendo womwewo. La levonorgestrel 1.5 mg limamwedwa kamodzi, limagwira bwino kwambiri m'maola 72 oyambirira, ndipo likhoza kuperekedwa mpaka masiku asanu ngakhale mphamvu imakhala itatsika. Mukasanza pasanathe maola awiri mumwenso. Lupu ya kopa yoikidwa pasanathe masiku asanu ndiyo yodalirika koposa. TLD salimbana ndi mapiritsi olera, mukhoza kumwa zonse. Msambo ukachedwa kupitirira sabata, yezetsani mimba.

Musatawase m'kati ndi sopo, mandimu, mchere kapena mankhwala ophera majeremusi. Sizichotsa kachirombo, zimangosupula khungu lam'kati n'kutsegula njira.

Mukamaliza mankhwala mudzayezetse, kenako mudzabwereze pakatha miyezi itatu kuchokera usiku wathawu. Muli pa PEP musadalire kachipangizo kam'kamwa, kakhoza kukunamizani. Ndipo ngati sizinali zofuna zanu, ngati anakukakamizani, mukanene zimenezo kwa namwino. Si mlandu wanu, ndipo pali chithandizo china chomwe muyenera kulandira.

Mkulu_Phiri_K:

Zomwe anenazi ndi zoona zonse. Ine ndikumbutse za matenda ena, chifukwa maso onse akakhala pa HIV, amene amagwira anthu ambiri amadutsa osaonedwa, pamene amapatsirana mosavuta kuposa HIV.

Chinzonono chimaoneka msanga, nthawi zambiri pakati pa masiku awiri ndi 7 mwa abambo: kutentha pokodza ndi mafinya. Chlamydia amachedwerapo, sabata imodzi mpaka atatu, ndipo nthawi zambiri sapereka chizindikiro chilichonse, makamaka mwa amayi, koma akasiyidwa amawononga machubu n'kubweretsa kusabereka kapena mimba yokhala panja pa chiberekero. Herpes amayamba ndi timatuza towawa pakati pa masiku awiri ndi 12. Chindoko ndicho chonyenga: kachilonda kamodzi kosawawa, kolimba m'mbali, kamene kamatuluka pakatha masabata atatu, nthawi zina mpaka masiku 90, n'kupola kokha. Munthu amati wachira, koma pakapita masabata ena pamabwera zidzolo, ngakhale m'zikhatho ndi kumapazi, ndi anabere ndi kutentha thupi, zofanana kwambiri ndi zomwe achimwene athuwa akuopa. Chimachizika ndi jakisoni wa benzathine penicillin. Choncho pokayezetsa HIV pemphani kuti ayezenso chindoko, pa masabata 6 ndiponso pa miyezi itatu. Mukapezeka ndi limodzi mwa matendawa, onse awiri mulandire mankhwala ndipo mudikire masiku 7 musanagonanenso, apo ayi muzingopatsirana. Hepatitis B nayo imayenda njira yomweyi ndipo ili ndi katemera, funsani ngati simunabayitsepo.

Kung'ambika kunsonga kuja nthawi zambiri ndi mpweya. Povala, tsinani kansonga ndi zala ziwiri kuti mpweya utuluke, kenako futukulani mpaka kumapeto. Mpweya ukatsalira, kansongako kamakhala ngati chibaluni ndipo kamaphulika umuna ukafika. Zina zong'amba ndi kutsegula paketi ndi mano, kondomu yotha nthawi kapena yokhalitsa m'thumba lakumbuyo ndi padzuwa, kuvala awiri nthawi imodzi, kuuma, ndi mafuta. Vaseline, mafuta odzola ndi mafuta ophikira amafooketsa labala m'mphindi zochepa chabe. Gwiritsani ntchito zoterera zopangidwa ndi madzi. Ndipo mukamva kuti zasintha mwadzidzidzi pakati pa ulendo, imani muone.

Kwa amene zoterezi zimawachitikira kawirikawiri, PEP wobwerezabwereza si njira yabwino, kuli PrEP, womwa munthu asanakumane ndi chiopsezo. Alipo wa piritsi la tsiku ndi tsiku, wa jakisoni wa cabotegravir wa miyezi iwiri iliyonse, ndi wa lenacapavir wobaya kawiri pa chaka, amene WHO inamuvomereza mu 2025. Achemwali, mukamamaliza masiku 28 mukhoza kulowa mu PrEP osadumphitsa tsiku, mukakambirane ndi amene akupatseni mankhwalawo.

Wosagona_tulo:

Ma ARV aja ndawakana. Ndamuimbiranso mtsikana uja, ndinkaopa kuti akwiya koma wavomera kuti tikayezetse limodzi Lachisanu. Akapezeka alibe, ndiye kuti ine ndisiye zowerenga masiku?

Mlangizi_T:

Mwachita zanzeru, ndipo iyenso wachita bwino. Akapezeka alibe, chiopsezo chanu chatsika kwambiri, kutsala kampata kamodzi kokha: ngati iye anagonana ndi munthu wina mosadziteteza m'miyezi itatu yapitayi, akhoza kukhala m'nthawi ija imene kuyeza sikunayambe kuona. Mufunsane zimenezi mofatsa, popanda kuweruzana, popeza iyenso ali ndi ufulu wokufunsani zomwezo. Ngati palibe wina, mukhoza kupuma, ndipo kuyezetsa kwa tsiku la 90 kudzangokhala kotsimikizira. Ngati alipo kapena simukutsimikiza, kalendala ija ikhale momwemo kwa nonse awiri.

Akapezeka nako, musathawe ndipo musamunyoze, mwina iyenso akhala akumva koyamba tsiku limenelo. Sizitanthauza kuti inu mwatenga, ziwerengero zomwe a Nachisale apereka zija ndi za nkhani ngati imeneyo. Mukamuuze mlangizi tsiku lomwe kondomu inang'ambika kuti akukonzereni masiku obwerera, ndipo mukafunse ngati kuyeza kofufuza kachirombo kenikeniko kungatheke. Iye akhoza kuyamba ma ARV tsiku lomwelo, ndipo mwa ambiri amene akumwa mwandondomeko tizirombo timatsika mpaka kusapezeka pasanathe miyezi 6.

Popita Lachisanu mulembe papepala tsiku logonana, tsiku lomwe pakhosi panayamba kuwawa, ndi tsiku lomwe munadziyeza, ndipo mukawaonetsenso pakhosipo kuti aone ngati pakufunika mankhwala.